Nyanja Inandipatsa Njira

Amayi anzanga a Mvano ku Zomba sakutopa kundifunsa kuti ku Ulaya ndinadyako chiyani. Akuti nkhope yatambasuka, chiseko chabwerera, ndipo nyimbo masiku ano ndikuyambitsa ndine, munthu amene kwa zaka zambiri ndinkangogwedeza milomo kumbuyo. Ndikawauza kuti zonsezi ndinazitola poyenda wapansi m'mapiri ndi m'matope a ku Scotland ndi England, amawomba m'manja n'kuseka. Inenso ndimaseka nawo, chifukwa mtima wanga wadzaza, ndipo nkhaniyi sinditopa kuifotokoza.

Bambo a kunyumba atatisiya, katundu yense wa mbumba anatsikira pamutu panga. Ndine mphunzitsi, ndinenso woyamba kubadwa kwathu. Fizi ya ana a mchemwali wanga, feteleza wa amayi kumudzi, odwala ofunika kuthamangira nawo kuchipatala, maliro, zinkhoswe, milandu ya malire a munda, zonsezi zinkadutsa pa foni yanga. Foniyo ndinkagona nayo pansi pa pilo. Tulo tinkatha tambala asanalire, ndipo ndinkangogona chagada kuwerengera ndalama zimene kulibe. Kuchipatala anandiuza kuti BP yakwera. Ndinkayenda chothamanga, kudya choimirira, ndipo mawu amene ankatuluka kawirikawiri pakamwa panga anali akuti "ndachedwa."

Kupemphera sindinasiyepo. Koma mapemphero anga anali a munthu wophika nyemba amene amangovundukula mphika mphindi iliyonse kuona ngati zapsa, nthunzi n'kumathawa, nyemba n'kumalimbabe. Ndinkauza Mulungu vuto, ndinkamuuzanso yankho lake, tsiku lake ndi ola lake, kenako n'kudzuka kukalithamangira ndekha. Pansi pa mtima ndinkakhulupirira kuti ndikangokhala pansi pang'ono, banja lonse ligwa.

Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Edinburgh. Pa holide ya mu Ogasiti anandiitana kuti ndikamuone, ndipo ndisanamasule n'komwe sutukesi anati, "Amayi, kagulu ka kutchalitchi kwathu kakuyenda ulendo wa Cuthbert Woyera. Ndakulembetsani."

Ndinamuyang'ana modabwa. Kwathu munthu amayenda wapansi mtunda wautali chifukwa ya minibasi kapena ya kabaza yasowa. Kuno anthu okhala ndi magalimoto awo amasiya galimoto pakhomo, n'kugula majombo, kukayenda masiku angapo m'mapiri mwakufuna kwawo!

"Mwana wanga, ine ndabwera kudzapuma."

"N'chifukwa chake ndakulembetsani, amayi."

Njirayi imatchedwa St Cuthbert's Way. Inatsegulidwa mu 1996, ndi yotalika makilomita 100, ndipo imayambira m'tauni ya Melrose kumwera kwa Scotland n'kukathera pa chilumba cha Lindisfarne, chimene ambiri amachitcha Holy Island, kumpoto chakum'mawa kwa England. Pa mphambano iliyonse pali kachikwangwani kokhala ndi mtanda kosonyeza kolowera. Tinakwera sitima mpaka ku Tweedbank, ndipo tinakumana ndi anzathu pafupi ndi mabwinja a nyumba ya amonke ya miyala yofiirira imene Mfumu David I inakhazikitsa mu 1136. Wotitsogolera anali gogo wina wachisikoti wa imvi mbuu, ndodo ziwiri m'manja. Atamva kuti ndachokera ku Malawi anandikumbatira, chifukwa mpingo wake sunaiwale Blantyre Mission imene makolo awo anayambitsa mu 1876.

Tisananyamuke anatifotokozera za mwini njira. Cuthbert anali mnyamata woweta nkhosa m'mapiri a dera lomwelo. Mmonke wina wolemba mbiri, Bede, analemba kuti usiku wina mu 651 mnyamatayu anaona kuwala kodabwitsa kumwamba, ndipo pambuyo pake anamva kuti usiku womwewo Aidan, bishopu wa ku Lindisfarne, anamwalira. Anasiya nkhosa n'kupita kwa amonke amene ankakhala pokhota mtsinje wa Tweed, kumunsi pang'ono kwa Melrose ya lero. Anamulandira ndi mmonke wamkulu dzina lake Boisil, amene mudzi wa St Boswells unatengera dzina lake. Ife tinali kutsata moyo wa Cuthbert ndi mapazi, kuchokera kumene anayambira mpaka kumene anakatumikira.

Njira siinatinyengerere. Titangotuluka m'tauni tinayamba kukwera mapiri a Eildon, mapiri atatu oyandikana. Dothi lake ndi lofiira, lomata majombo. Ine ndinanyamuka mwa chizolowezi changa, kutsogolo kwa onse, ndipo tisanafike pakati mtima unali kugunda m'makutu. Gogo uja anandipeza nditagwira mawondo. Sanandidzudzule. Anangoima pambali panga n'kunena kuti, "Mayi, phirili silikupita kwina kulikonse. Yendani kumbuyo kwanga, mupondemo mmene ndikuponda."

Ndinamutsatira. Mapazi ake anali aafupiafupi, osafulumira, osaimanso. Ndipo zodabwitsa, mpweya unabwerera, maso anatseguka. Ndinaona kuti phiri lonse lavala maluwa aang'onoang'ono ofiirira a zitsamba zotchedwa heather, zimene zimachita maluwa mu Ogasiti. Ndinamva njuchi. Ndinatembenuka n'kuona Melrose pansi pathu, mtsinje ukunyezimira. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambiwu ndauphunzitsa ana m'kalasi kambirimbiri, koma tsiku limenelo ndi pamene miyendo yanga inauvomereza.

Kuchokera pamenepo dziko linkangotambasuka tsiku ndi tsiku. Tinayenda m'mbali mwa Tweed, kenako pa Dere Street, msewu wowongoka umene asilikali achiroma anapanga zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Tinawoloka mtsinje wa Teviot pa mlatho wolenjekeka umene umagwedezeka munthu akapondapo, ine ndikukuwa, mwana wanga akuseka mpaka misozi. Tinadutsa mabwinja a linga la Cessford ndi mudzi wa Morebattle, n'kukwera Wideopen Hill, malo okwera kwambiri pa njira yonse, mamita 368, amenenso ali chapakati pa ulendo. Kamvula kowaza kanatipeza pamwamba pomwepo, mphepo ikukoka majekete. Walira mvula walira matope: tinatsikira ku Kirk Yetholm titadetsedwa mpaka m'mawondo, matuza ali kuzidendene, ndipo madzulo ake ndinadya supu ndi buledi n'kugona tulo tofa nato, tulo timene ndinali nditatiiwala.

M'mawa mwake tinakwera kukafika pamalire a Scotland ndi England. Palibe msilikali, palibe wofunsa pasipoti. Pali mpanda, kachipata ndi chikwangwani, nkhosa zikudya mbali zonse ziwiri. Titatsikira m'chigwa cha College, pakati pa mapiri a Cheviot, netiweki inathawa. Ndinakweza foni m'mwamba, ndinaitembenuza uku ndi uku, koma zii. M'mimba munandiwotcha. Bwanji ngati kumudzi kwagwa zovuta? Adziwa bwanji chochita? Mwana wanga anatenga foniyo mwaulemu n'kuiika m'chikwama chake. "Amayi, Mulungu amene akutisunga kuno ndi yemweyo ali kumudzi. Tiyeni tizipita." Ndinayenda tsiku lonse manja ali opanda kanthu. Chapatali, pafupi ndi phiri la Yeavering Bell, tinaona mbuzi zakutchire za ubweya wautali, zopanda mbusa, zonenepa bwino.

Titafika ku Wooler foni inayamba kulira motsatizana. Uthenga woyamba unati amayi kumudzi sakupeza bwino, thupi latentha. Mtima unangoti phwii. Wachiwiri unati apita nawo kuchipatala. Wachitatu unati awapeza ndi malungo, apatsidwa LA. Wachinayi unali chithunzi: amayi atakhala pamkeka, mbale ya phala m'manja, akumwetulira. Zonsezi anayendetsa ndi mlongo wanga wotsiriza kubadwa, amene m'maso mwanga anali akadali kamnyamata. Anabwereka njinga yamoto, analipira yekha, anagona pafupi ndi amayi. Ndinawerenga mauthengawo kawiri, kenako ndinayamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi pakati pa msewu. Vuto linabwera, linathetsedwa, ine ndili m'phiri kuyang'ana mbuzi! Mulungu anali ndi manja ena ambiri m'banja mwathu, ndipo anangodikira kuti anga achokepo kuti enawo aoneke.

Kuchokera ku Wooler tinawoloka mtsinje wa Till n'kufika pa phanga lalikulu la mwala wa mchenga lobisika m'nkhalango. Limatchedwa phanga la Cuthbert, chifukwa anthu amati amonke anapumulapo atanyamula thupi lake. Cuthbert anakhala bishopu mu 685 ndipo anamwalira pa 20 Malichi 687 pa kachilumba ka Inner Farne. Mu 793 ankhondo achi Viking anaukira Lindisfarne, ndipo mu 875 amonke anathawa pachilumbapo atasenza bokosi lake. Mibadwo inalandirana katunduyo mpaka anakafika ku Durham mu 995. Titakwera kaphiri ka kuseri kwa phangalo, gogo uja analoza ndi ndodo. Kutsogolo kwathu kunali nyanja, ndipo pakati pa madzi, chilumba chathyathyathya chokhala ndi linga pamwamba pa thanthwe. Tonse tinakuwa.

Ndinkafuna kuthamanga, koma njira inali ndi maphunziro ake otsiriza. Tinawoloka msewu waukulu wa A1, kenako tinafika pa njanji ya sitima zothamanga kwambiri za pakati pa London ndi Edinburgh. Pamenepo pali foni yachikasu. Woyenda pansi amayenera kuimbira woyang'anira njanji n'kudikira chilolezo. Anatiuza kuti tiime kaye. Njanji inali zii, sindinkaona kanthu kumanja kapena kumanzere, ndipo kale ndikanangodumpha. Posakhalitsa sitima inadutsa ndi mkokomo umene unagwedeza nthaka. Munthu amene sindinamuone ankaona zimene ine sindinkaziona.

Tinafika m'mbali mwa nyanja madzi atadzaza. Gogo uja anachita dala kutifikitsa msanga. Msewu wa magalimoto wopita kuchilumba unali utamira, ndipo mizati yosonyeza njira ya oyenda pansi inkangooneka mitu. Ine ndinakulira pafupi ndi nyanja ya Chilwa, ndipo ndimadziwa kuti madzi amakwera ndi mvula n'kuphwa ndi chilimwe. Nyanja yamchere ili ndi khalidwe lina. Mphamvu ya mwezi imakoka madzi ake, motero amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Khonsolo ya Northumberland imasindikiza ndandanda ya maola oyenera kuwoloka, komabe chaka chilichonse magalimoto ena amamira chifukwa eni ake analephera kudikira. N'chifukwa chake m'njiramo anamangamo tinsanja toti wopezedwa ndi madzi akwerepo.

Tinakhala pansi pafupi ndi zipilala za simenti zotsala pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anzathu anatsegula mafulasiki a tiyi. Panalibe choti ndingachite. Panalibe woti ndimuimbire, woti ndimudandaulire, kapena woti ndimufulumizitse. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri ndinapemphera popanda kupereka malangizo. Ndinangoti, "Ambuye, ndili pano," n'kumayang'ana madzi.

Sindinaone nthawi imene anayamba kubwerera. Ndinangozindikira kuti mwala umene unali utamira waonekera. Kenako mzere wa mchenga. Kenako mbalame zinatera pamene panali mafunde. Mizati inayamba kutalika umodziumodzi, mpaka mzere wonse unaima poyera kuchokera pamene tinali kukafika kuchilumba, mtunda wa makilomita pafupifupi 5. Nyanja yonse inachoka yokha, popanda ine kutungapo ngakhale kapu imodzi!

"Vulani majombo," anatero gogo uja. "Tsopano ndi nthawi yoyenda, ndipo tisazengereze." Woyenda pamchenga amanyamuka madzi akamaphwa, kuti akafike tsidya asanayambe kubwerera. Amene wadikira bwino ayeneranso kudzuka msanga njira ikatseguka.

Ndinamangirira majombo pachikwama, ndinakwinya chitenje, n'kuponda. Kuzizira kwake kunandilasa mpaka m'mano. Mchenga unali ndi mizeremizere yolimba imene inkakanda kuphazi, ndipo paliponse panali timilu topotapota ta mchenga timene nyongolotsi za m'nyanja zimatulutsa. Pena madzi ankafika m'akakolo, pena m'katumba. Chapakati tinalowa m'matope akuda, oterera, onunkha, ndipo mwana wanga anandigwira dzanja. Matuza anga analuma ndi mchere kenako anatonthola. Kuchokera kutali kunkamveka kulira kwautali kwa nyama za m'nyanja zotchedwa seal zitagona pamchenga. Ndinakumbukira ana a Israele pakati pa Nyanja Yofiira, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake Miriamu anatenga lingaka atafika tsidya. Nyimbo inangotuluka yokha m'kamwa mwanga, ya Chichewa, mokweza. Mwana wanga anapolokezana nane, azungu aja anayamba kuwomba m'manja, ndipo ndinavina pansi pa nyanja, matope ali m'miyendo, ndikululutira.

Tinagona pachilumba pomwepo. Madzulo alendo a tsiku limodzi anathamangira magalimoto awo, madzi anabwerera, njira inatsekeka. Panatsala eni mudzi, amene safika 200, ndi ife ogona. Palibe akanatha kubwera, palibe akanatha kuchoka. Apa ndi pamene ndinamvetsa Aidan. Iye anachokera ku chilumba cha Iona mu 635 ataitanidwa ndi Mfumu Oswald, ndipo poyamba mfumuyo ndi imene inkamumasulira polalikira. Ankayenda wapansi mudzi ndi mudzi kuti azicheza ndi aliyense wokumana naye, moti Mfumu Oswin itamupatsa hatchi yabwino, iye anaipereka kwa wopemphapempha. Munthu wokonda anthu chotere anasankha kukhala pamalo amene nyanja imatseka kawiri pa tsiku. Madzi akaphwa ankapita kwa anthu, madzi akadzaza ankatsala ndi Mulungu. Ine ndinakhala zaka zambiri chitseko chili chotsegula usana ndi usiku, n'kumadabwa kuti mphamvu zikuthera kuti.

M'tchalitchi cha St Mary, pafupi ndi mabwinja a nyumba ya amonke, muli chosema chachikulu cha mtengo cha Fenwick Lawson: amonke asanu ndi mmodzi, aatali kuposa munthu, atasenza bokosi la Cuthbert pamapewa. Ndinachizungulira pang'onopang'ono ndikuwerenga mapewawo. Katundu wopatulika chotere sanamusiyire munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pamenepo ndinatula langa mosangalala.

Nditabwerera ku Zomba ndinaitanitsa abale onse kumudzi. Tinapha nkhuku, tinadya, kenako tinagawana ntchito. Za chipatala cha amayi akuyendetsa ndi mlongo wanga uja, ndipo mmene akuyendera masiku ano mutha kuona kuti ndi bambo wodalirika. Za feteleza zili ndi mchemwali wanga. Fizi timasonkherana mwezi ndi mwezi. Foni imagona pabalaza, ine kuchipinda, ndipo amandidzutsa ndi tambala. M'mawa ndimakhala kaye pakhonde ndi Baibulo ndi kapu ya tiyi ndisanayankhe munthu aliyense. Mankhwala a BP ndikumwabe mokhulupirika, ndipo anamwino akandiyeza amamwetulira. Ana a m'kalasi mwanga akuti aphunzitsi ayamba nthabwala. Mavuto sanathe ayi, mitengo ya zinthu ikukwerabe, maliro akugwabe, koma ndikapemphera ndimadzuka wopepuka, ndipo ndaona ndi maso anga njira zikutseguka pa nthawi imene sindinaiike ine.

Chimene chikundisangalatsa koposa n'chakuti phiri linali pakhomo panga nthawi yonseyi. Loweruka lina ndinapempha amayi awiri a Mvano kuti tikwere phiri la Zomba wapansi mpaka ku damu la Mulunguzi. Anandiseka, koma anabwera. Sabata yotsatira anabwera ndi anzawo. Tsopano ndife gulu, zitenje m'chiuno, nsapato zolimba kuphazi, mbatata yophika ndi nthochi m'zikwama. Tafika kale ku mathithi a Williams, ndipo kumeneko tinaimba mpaka anyamata ogulitsa zipatso anabwera kudzavina nafe. Malamulo athu ndi awiri: mafoni amakhala m'chikwama, ndipo amene amayenda pang'onopang'ono kuposa onse ndiye amatsogolera. Pakadali pano wotitsogolera ndi mayi wa zaka zoposa 70 amene poyamba ankati mawondo ake sangathe, ndipo ndi yemweyo akutikakamiza kuti chilimwe chikubwerachi tikayese Mulanje. Tayamba kale kusonkha ya minibasi!